Pakati pa ndeke yaing'ono ndi motoka, cimadya ndalama zambiri n'citi?

Funsani mwini motoka aliyense muno mu Lusaka kuti motoka yake imamudyera ndalama zingati pa mwezi, adzakuyankhani za mafuta cabe. Wa ka Vitz adzati, "Aka kanga sikavuta, nikaika ya K200 nizunguluka town yonse." Wa Mark X adzapukusa mutu ndi kudandaula kuti yake imamwa monga munthu amene wangofola kumene. Nkhani imathera pomwepo. Za matayala, mashoki, road tax, fitness, inshuwalansi ndi injini imene ikukalamba tsiku ndi tsiku, palibe amene amazichula, ngati kuti zimenezo amalipira ndi aneba.

Funso lomwelo mukafunsa munthu amene amasunga ndeke yaing'ono, sadzakuyankhani pa mwezi kapena pa lita. Iye amawerenga pa ola: ola limodzi m'mwamba limadya zakuti-zakuti. M'nambala imeneyo muli zonse, mafuta, oilo, malipiro a makanika, lendi ya malo ogona ndekeyo, mapepala a boma, ngakhale ndalama ya injini imene idzafuna kukonzedwa zaka zisanu kutsogolo. Kusiyana kwa mawerengedwe awiriwa ndiko kwandikhazika pansi sabata ino ndi pepala ndi bolopeni.

Ndinene poyamba kuti ndeke ndi yodula kupambana motoka. Pamenepo palibe mkangano, ndipo sindikunyengerera munthu kuti agulitse ka Corolla kake akagule mapiko. Koma kudula kwake sikuli pamene ambiri amaganizira.

Ndeke zimene ndikukamba si zija zikulu-zikulu za Emirates kapena Ethiopian zimene zimatera pa Kenneth Kaunda International Airport. Ndikamba tundeke tuja twa injini imodzi, twa propeller kutsogolo yozungulira monga fani. Yodziwika kwambiri ndi Cessna 172, ya mipando inayi, imene inayamba kugulitsidwa ku America mu 1956. Kucokera nthawiyo zapangidwa zoposa 44,000, ndipo palibe mtundu wina wa ndeke umene unapangidwa woculuka cotero. Imeneyo ndiyo Corolla ya m'mwamba. Mkulu wake ndi Cessna 206 ya mipando isanu ndi umodzi, yonyamula katundu ndi kutera pa mabwalo a fumbi, tinene kuti Hilux. Ndiye pali Caravan, imene imanyamula anthu oposa khumi, Hiace yeni-yeni koma yopanda kondakita. Zolembetsedwa muno mu Zambia mudzazidziwa ndi 9J yolembedwa pathupi pake. Ndiyo namba puleti yao.

Manje tiyeni titenge ulendo umene ocokera kum'mawa timaudziwa bwino, wocoka mu Lusaka kupita ku Mfuwe. Pa mseu mumagwira Great East Road: Chongwe, Rufunsa, mapiri a Manenekela, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Katete, mpaka Chipata pa makilomita pafupifupi 570. Kucoka apo mutsikire kucigwa makilomita ena oposa 100. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 700, ndipo ngati simunacedwe kwambiri pogula nsomba youma pa bridge ndi nthoci pa Nyimba, ndi maola 9 kapena 10. Corolla yabwino-bwino, imene imamwa malita 7 kapena 8 pa makilomita 100 aliwonse, idzatha malita 50 mpaka 55. Hilux ya dizilo idzafika ku 65 kapena 70. Land Cruiser V8 ya petulo, ija ya mabwana, ingathe malita 100 osacita manyazi.

Ndeke ilibe makona. Kucoka pa bwalo la Lusaka kufika pa bwalo la Mfuwe, mzere woongoka ndi makilomita pafupifupi 440. Cessna 172 imathamanga makilomita 200 kapena kuposako pang'ono pa ola, ndipo imamwa malita apakati pa 30 ndi 38 pa olalo. Ulendo wonse ndi maola awiri ndi mphindi zocepa. Mukaikapo mafuta olizira injini pansi ndi okwerera m'mwamba, ndi malita 80 kapena pafupi ndi pamenepo. Mwaona? Pa malita, kandeke kali pakati pa Hilux ndi V8. Munthu amene amayenda ndi V8 alibe ufulu wodabwa ndi mafuta a Cessna.

Vuto ili pa mtundu wa mafutawo. Injini zambiri za ndeke zotere sizimamwa petulo wa pa filling station. Zimafuna avgas, makamaka wochedwa 100LL, amene amaikidwa mtundu wa buluu kuti munthu asamusokoneze ndi mafuta ena. Muli mtovu pang'ono, uja umene unacotsedwa kale mu petulo wa mamotoka kuno ku Africa, cifukwa injini za ndeke zimagwira nchito zili zotentha kwambiri ndipo popanda mafuta amphamvu cotero zimagogoda. Pokhala ndi mtovu, avgas sangayende m'mathanki amodzi ndi mafuta ena. Amabwera kucokera kunja pang'ono-pang'ono, nthawi zina m'madiramu, ndipo ogula ndi owerengeka. Cinthu cobwera mocepa, cocokera kutali, cogulidwa ndi madola, mtengo wake mukuudziwa kale. Kumapeto kwa mwezi tonse timachera khutu kuti Energy Regulation Board yanena zotani pa petulo, dizilo ndi palafini, koma wa ndeke yaing'ono ali ndi nkhawa ina: kodi pa bwalo pamene ndikupita avgas alipo? Ngati palibe, ayenera kunyamula mafuta obwererera, kapena kutumiza diramu pa mseu pasadakhale. Inde, ndeke nayo nthawi zina imadalira ka Canter.

Caravan ilibe vuto imeneyi cifukwa injini yake ndi ya mtundu wina, imamwa Jet A-1, amene ndi m'bale wake wa palafini ndipo amapezeka mosavuta. Ndeke zopepuka kwambiri, monga ma microlight amene amaulutsa alendo pamwamba pa Mosi-oa-Tunya, zambiri zili ndi injini za Rotax zimene zimalola petulo wa motoka ndipo sizifika malita 20 pa ola. Koma mmenemo mumakwera anthu awiri cabe, ndipo cola ca m'manja cimatsala pansi.

Olo avgas akhale wodula bwanji, mafuta sindiwo amapha mwini ndeke. Cimene cimamudya ndi injini, ndipo apa ndipo ndifuna tikhalepo pang'ono.

Injini ya Cessna 172 ya masiku ano ndi Lycoming ya masilinda anayi, kukula kwake malita 5.9, mphamvu yake mahachi 180. Munthu wa mamotoka angaseke, cifukwa injini yaikulu cotero mu motoka ingapereke mphamvu yowirikiza. Koma iyi inapangidwa dala kuti izizungulira pang'ono-pang'ono, osapitirira 2,700 pa mphindi, ndi kuti isazime. Ilibe radiator, imazizira ndi mphepo. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo moto umacokera ku ma magneto awiri osadalira batire, kuti cimodzi cikafa cinzake cipitirize. Ikakhala m'mwamba imagwira nchito pa 65 mpaka 75 peresenti ya mphamvu zake zonse, kwa maola, osapuma. Motoka yanu pa liwiro la 100 pa mseu wa Kafue imangogwiritsa gawo locepa la mphamvu zake. Yerekezani kukwera phiri la Manenekela mutaponda mafuta pafupifupi mpaka pansi, phirilo osatha kwa maola atatu. Ndiwo umoyo wa injini ya ndeke tsiku lililonse.

Cifukwa ca ici, opanga injiniyo anaika malire: ikakwanitsa maola 2,000, kapena zaka 12 ngati maolawo sanakwane, iyenera kumasulidwa yonse ndi kucitidwa overhaul. Sayembekezera kuti iyambe kufuka utsi kapena kudya oilo. Ingakhale ikulira bwino monga kwaya ya pa Sondo, maola akakwana yakwana, ndipo kwa ndeke zonyamula anthu olipira nambala imeneyi si ya masewera. Nchitoyo imadya madola masauzande makumi angapo. Tinene kuti ndi $40,000, kuti masamu akhale osavuta. Gawani ndi maola 2,000, mupeza $20 pa ola. Ndiye kuti mwini ndeke wanzeru, nthawi iliyonse akauluka ola limodzi, amapatula $20 ndi kuiika pambali, osaikhudza. Ulendo wa ku Mfuwe kupita ndi kubwera, maola anayi ndi theka, ndi $90 ya injini imene lero ilibe vuto iliyonse. Propeller nayo ili ndi malire ake ndi kathumba kake. Ndipo popeza maspeya amacokera ku America kapena kudzera ku South Africa, kwacha ikagwa kathumba kaja kamacepa kokha usiku, mwini wake ali mtulo.

Koma onani mbali inayi. Maola 2,000 pa liwiro la makilomita 200 pa ola ndi makilomita 400,000. Ndi mamotoka angati mu Lusaka amene injini yao inayenda mtunda wotere osatsegulidwa? Motoka imene imakhalira mu tauni, kucoka ku Chelstone kupita ku Cairo Road ndi kubwerera, ikacita mwai imayenda makilomita 25 pa ola mukaphatikiza kuima konse. Pa maola 2,000 yayenda makilomita 50,000 cabe. Ndipo mita ya motoka imawerenga mtunda, siwerenga nthawi. Mphindi 40 zimene mumaima pa Kabwe roundabout kapena pa Lumumba Road m'ma 17 hours, injini ikulira, aircon ikuzizira, mita ili zii. Mafuta akupita, theka la lita mpaka lita yathunthu pa ola, oilo ikukalamba, koma pa dashboard palibe cimene casintha. Ndeke ili ndi kawochi kowerenga nthawi imene injini yakhala ikulira. Motoka ilibe, ndipo mwina ndiye cifukwa cake jam timaiona monga yotaya nthawi cabe, osati ndalama.

Pambuyo pa injini pali kuyang'anira. Oilo ya ndeke yotere imasinthidwa pa maola 50 aliwonse. Pa maola 100 ndeke yamalonda imalowa mu hangar, amatsegula zivundikiro, amayang'ana mawaya oyendetsera mapiko, mabuleki, mapulagi, mphamvu ya silinda iliyonse. Pamwamba pa izo pali cikalata cotsimikiza kuti ndekeyo ndi yoyenera kuuluka, cimene muno cimaperekedwa ndi Civil Aviation Authority. Wogwira nchitoyo ayenera kukhala injiniya wa laisensi, ndipo zonse zimene wacita amalemba mu logbook ndi kusaina dzina lake. Thupi la ndeke lili ndi buku lake, injini lake, propeller lake. Speya iliyonse imabwera ndi pepala loonetsa kumene inacokera. Bauti imene mu hardware mungaigule ndi ndalama ya chenji, ya ndeke imadula kangapo, cifukwa mukugula bauti pamodzi ndi mbiri yake. Ndeke imene mabuku ake anasowa imagwa mtengo koopsa, olo ikhale yonyezimira.

Ife motoka timailandira pa Nakonde itacokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndi mileage imene palibe angailumbirire. Buku la sevisi, ngati lilipo, lili m'Cijapanizi. Ikayamba kulira kutsogolo timapita kwa makanika wa pansi pa mtengo, amene amagwedeza tayala ndi kunena kuti, "Bakamba, iyi ikali na life, tizamanga cabe na waya, mukabwere month end." Nthawi zambiri amanena zoona, imayendadi. Ikafera pa mseu mumaikankhira pambali, mumathyola nthambi ndi kuziika pa tara, mumatuma foni. Motoka imalola nkhongole yotere, yakuti mudzakonza mukapeza ndalama. M'mwamba mulibe pambali pokankhira ndipo mulibe poika nthambi. Conco mwini ndeke amalipiriratu zimene mwini motoka amazikankhira kutsogolo, ndipo kudula kwambiri kwa ndeke kuli pamenepa.

Phindu lake limaoneka pa zaka. Cessna 172 yatsopano lero imapitirira $400,000, koma padziko lonse ndeke zopangidwa m'ma 1970 zikali kuuluka tsiku ndi tsiku, cifukwa ciwalo ciliconse cimasinthidwa nthawi yake ikakwana. Motoka ya 1978, ngati ikalipo, nkhuku zikuikiramo mazira kuseli kwa nyumba.

Palinso ndalama zimene zimapita ndekeyo iuluke kapena isauluke: lendi ya hangar, inshuwalansi, mapepala a caka ndi caka, ndi laisensi ya woyendetsa. Kuti munthu apeze laisensi yoyamba yoyendetsera ndeke yake-yake afunika maola osacepera 40 ophunzira m'mwamba, ola lililonse lolipira, ndipo pambuyo pake ayenera kumapimidwa ndi dokotala nthawi ndi nthawi, maso, makutu, mtima. Muno maphunziro a za ndeke amadziwika ndi ZASTI, pafupi ndi bwalo lalikulu la Lusaka. Apa masamu ake ndi ankhanza. Tinene kuti zolipira zosasinthazi zimakwana $15,000 pa caka. Mukauluka maola 50 okha m'cakaco, ola lililonse lanyamula $300 musanathire ndi dontho la mafuta. Mukauluka maola 500, ndi $30. Ndeke yomweyo, injini yomweyo, koma wina akulipira kuwirikiza kakhumi. Kuwonjezera apo, injini yongokhala imacita dzimbiri mkati, ndipo zaka 12 zija zikuwerengedwa ndithu. Ndiye cifukwa cake m'maiko ambiri anthu amagula ndeke imodzi anayi kapena asanu ndi kumagawana, monga cilimba, ndipo kuno zambiri zili m'manja mwa makampani a charter, amishoni ndi mafamu akulu, amene amaziulutsa kawiri-kawiri.

Mukacita haya ndeke, dziwaninso kuti mumalipira ndi ulendo wobwerera. Ikakusiyani ku Mfuwe ndi kubwerera yopanda munthu, maola amenewo ndi anu. Pa bwalo pali ndalama yoterera, yoimikira ndi ya aliyense wokwera. Mukatsika, mufunikanso motoka. Kucoka pa Kenneth Kaunda kufika pakati pa tauni ndi makilomita oposa 20, ndipo jam ya pa Great East Road sidziwa kuti munabwera ndi ndeke.

Za katundu ndiye osakamba. Cessna 172 imaloledwa kunyamula makilo pafupifupi 400, kuphatikiza mafuta. Mathanki akadzala ndi malita 200, amenewo ndi makilo pafupifupi 145. Otsala ndi okwana anthu atatu akulu-akulu opanda zikwama, ngakhale kuti mipando ndi inayi. Lusaka ili pamwamba, mamita oposa 1,100 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo kukatentha mu Okutobala mpweya umapepuka, injini imacepa mphamvu, ndeke imafuna mtunda wautali kuti inyamuke. Woyendetsa amakufunsani kulemera kwanu popanda manyazi, ndipo pa maulendo a kumalo a nyama kacikwama kamaloledwa nthawi zambiri ndi ka makilo 15, kofewa. Manje ganizirani ulendo wa ku maliro ku Katete. Mu Noah mwalowa anthu asanu ndi atatu, thumba la unga, kabichi, mabulangeti. Pobwera muli nshawa, kandolo, thumba la malasha pamwamba, nkhuku yamoyo pansi pa mpando, ndi amalume amene angoganiza pomwepo kuti akaone ana ku Lusaka. Mukagawa mtengo wa ulendowo pa mutu uliwonse ndi pa kilo iliyonse, palibe ndeke imene ingayandikire. Basi yaikulu ya pa Intercity ndiye imagonjetsa onse.

Nyengo nayo ili ndi mau. Ndeke zazing'ono zambiri zimauluka woyendetsa akuona pansi ndi maso, ndipo mabwalo a kumidzi alibe magetsi, conco dzuwa likalowa ulendo watha. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mitambo ya mabingu imakwera masana ndipo kandeke sikalimbana nayo, kamaizungulira kapena kamadikira. Bwalo la dothi likanyowa silitereka. Mu Ogasiti ndi Seputembala utsi wa moto wa m'thengo umaphimba dziko. Tsiku limene mwakhala pansi kuyembekezera kuti kuyere, ndi malo ogona amene simunawakonzekere, zimenezonso ndi mtengo wa ndeke.

Nanga imapambana pati? Imapambana pamene nthawi ya munthu ili yodula kupambana mafuta. Kampani ikatuma mainjiniya atatu ku Mfuwe pa mseu, yataya masiku awiri a nchito pa munthu aliyense, yalipira dalaivala, malo ogona ndi ma allowance. Pa ndeke amanyamuka m'mawa, amagwira nchito, madzulo ali kunyumba. Mlendo amene wabwera ndi masiku asanu a chuthi sangapereke awiri ku Great East Road. Kupita ku Lower Zambezi pa ndeke ndi mphindi zosafika 45, pamene pa mseu wodzera ku Chirundu ndi theka la tsiku. Ndipo pali ulendo umene suwerengedwa ndi kwacha. Zambia Flying Doctor Service, imene inayambitsidwa ndi Dr James Lawless mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, inakhalapo cifukwa dziko lathu ndi lalikulu ndipo malo ena mvula ikagwa mseu umatha. Mai amene mwana wapingasa m'mimba ku cipatala ca kutali alibe maola 10.

Kwa ife otsala, amene ndeke timangoiona ikudutsa pamwamba pa Avondale, cimene tingatengeko ndi kawerengedwe kake. Tiyeni tiyese motoka ndi muyeso wa ndeke, koma pa kilomita m'malo mwa ola. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Tinene kuti mwagula motoka pa K150,000, mumayenda makilomita 20,000 pa caka, ndipo patapita zaka zisanu mudzaigulitsa pa K70,000. Ndiye kuti yataya K80,000, kapena K16,000 pa caka, imene ndi 80 ngwee pa kilomita iliyonse. Ndalama imeneyi palibe amene amakupatsani lisiti yake, koma ndiyo yaikulu pa zonse zobisika. Matayala anayi a K6,000 akatha pa makilomita 40,000, ndi 15 ngwee. Sevisi ya K1,000 pa makilomita 5,000 aliwonse ndi 20 ngwee. Mashoki, mabushi, ma ball joint, mabuleki ndi batire, zimene maenje a m'makomboni amadya monga nsima, tiike K6,000 pa caka, 30 ngwee. Road tax ndi fitness za ku RTSA pamodzi ndi inshuwalansi, tiike K3,000, ndi 15 ngwee. Ndiye kathumba kaja ka mwini ndeke: injini kapena gearbox ya K20,000 pa makilomita 100,000, ndi 20 ngwee. Zonse pamodzi ndi K1.80 pa kilomita. Mafuta, ngati mu tauni lita imodzi imakupatsani makilomita 10 ndipo lita tiiyerekeze pa K30, ndi K3.00. Kilomita yanu yeni-yeni ndi K4.80, ndipo gawo loposa limodzi mwa magawo atatu simumaliona pa pampu. Pa caka ndi K36,000, pa mwezi K3,000. Sindinaikepo ma toll gate a pa Chongwe, Katuba kapena Shimabala, parking ya mu tauni, car wash, faindi ya pa roadblock, kapena ciwongoladzanja ngati motokayo inagulidwa ndi loni.

Kwa munthu wa pa ofesi, K3,000 yosawerengedwayi imangobwera monga tsoka, mwezi umene fitness, matayala ndi fizi ya ana zakumana pakhomo limodzi. Amadandaula, amakongola, umoyo umapitirira. Amene nkhaniyi imawaluma zeni-zeni ndi aja amene motoka ndiyo munda wao.

Tengani mnyamata woyendetsa taxi ya pa foni, monga Yango. Tinene kuti amayenda makilomita 150 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndiwo 900. Pa manambala aja, matayala, sevisi, maspeya ndi injini zokha ndi 85 ngwee pa kilomita, kapena K765 pa sabata, tisanakambe za mapepala ndi kugwa mtengo kwa motokayo. Akamaliza tsiku amacotsa ya mafuta, amacotsa ya kampani, yotsalayo amati ndi phindu ndi kupita nayo kunyumba. Koma mkati mwa ndalama imeneyo muli matayala ake, muli gearbox yake. Akudya motoka yake pang'ono-pang'ono, ndipo imakoma, mpaka tsiku limene makanika adzamuuza kuti, "Mudala, apa ni engine yina cabe." Mwini minibasi naye cimodzi-modzi. Cashing ikabwera madzulo imapita ku lendi, ku ndiwo, ku fizi, yonse. Dalaivala amathamangitsa basi kuti akwanitse cashing ndi kutsalako ndi yake, basi imatha msanga, ndipo palibe amene anapatula kanthu. Yendani mu Matero, mu Chawama kapena mu Kanyama muwerenge ma Hiace amene akhala pa miyala m'mayadi, udzu utamera pansi pake. Ambiri sanacite ngozi. Injini inafika pa maola ake, mwini wake alibe kathumba.

Ndikamamva madalaivala akukangana pa rank ngati ulendo wa K60 kucoka ku Kabulonga kupita ku Kamwala uli ndi phindu, ndimaona kuti onse akuwerenga mtunda umene kasitomala wakhala pa mpando. Makilomita amene anayenda kukamutenga, ndi amene adzayenda wopanda munthu kufuna wina, amadya mafuta ndi matayala mofanana. Wa charter ulendo wopanda munthu amaulemba pa invoice ya kasitomala. Wa taxi amaulipira yekha, ndipo mwa makilomita 900 aja pa sabata, mwina 300 ndi otere.